Ndinapempha Ziphaso Zitatu

Pa nkhani ya kunenerera, ine ndinali ndisanagonjepo. Ntchitoyi ndinaiphunzira pa kaunjika mu Limbe, ndipo nditafika ku Perth ndinaipitiriza ngakhale m'malo amene mtengo umalembedwa pa pepala. Kumsika wa ku Fremantle kuli bambo wina wogulitsa zipatso amene akangondiona amayamba yekha kuwonjezera mango m'jumbo, kuti ndingochoka. Malamulo anga anali awiri. Ukafuna chimodzi, pempha zitatu. Akayamba kukanakana, tembenuka uzipita, akuitana okha.

Mkazi wanga ndi namwino pachipatala cha ku Murdoch. Mnzake wa kuntchito, mayi wa ku Philippines, ankakhala khomo loyandikana ndi lathu, ndipo ine ankanditchula kuti kuya, kutanthauza achimwene. Nthawi ya mliri ija malire atatsekedwa, moti ngakhale ku Sydney sitikanapita, bambo ake anagwa ndi sitiroko kwawo, m'katauni ka kumudzi. Ambulansi inawatengera kuchipatala cha m'tauni yaikulu, kutsidya la mlatho. Mayi ake anabwezedwa pa rodibuloko chifukwa analibe chiphaso.

Kumeneko kuli ngati kwathu. Wodwala amafuna gadiyani womudyetsa, womutembenuza, womupukuta kukamwa. Chipatala chinkalola gadiyani mmodzi, koma gadiyaniyo anali atakhala pakhonde pa nyumba yake ndi chikwama chomangamanga.

Ine ndinali pa sabata yopuma, nditangotsika kumene kuchokera kumigodi. Ndinapeza mkazi wanga ndi mnzake uja m'khichini mwathu, mnzathuyo maso ali psu.

"Chiphasocho amapereka ndani?" ndinafunsa.

Anati tauni yawo inagawidwa m'timadera totchedwa barangay, ndipo kalikonse kali ndi mtsogoleri wochita kuvoteredwa, amene amamutcha kapitani. Iye ankachita manyazi kumuimbira, poti anali asanalankhulane naye chichokereni kwawo.

"Ndipatse foniyo. Ofesi ndi msika, kungoti ogulitsa amavala bwino."

"Inu bambo a ana, khalani pansi," anatero mkazi wanga. Sindinakhale.

Nthawi ya ku Perth ndi ya kwawoko ndi imodzi, ndiye tinaimba m'mawa womwewo, pa vidiyo. Ndinkayembekezera chibambo chamimba. Anayankha mayi wamagalasi, wotopa, atakhala pa tebulo lapulasitiki m'bwalo la basiketibolo. Kumbuyo kwake kunali matumba a mpunga wogawira anthu, ndi tambala amene sanasiye kulira. Ndinadzitchula kuti ndine mlamu wa banjali, ndipo ndinamuyamikira kwambiri pa ntchito yake, monga umayamikirira nsalu usanaipezere chilema.

Kenaka ndinaponya. Ziphaso zitatu: cha mayi, cha mchimwene wa mnzathuyu, ndi cha azakhali.

Mnzathu anandikoka malaya. "Kuya, cha mayi chokha." Ndinamutsinzinira diso.

"Bwana," anatero kapitani uja, "chikanakhala chimodzi chokha..."

"Mayi, munthu akufa. Zitatu."

"Inde bwana, koma mukuona, chimodzi..."

"Ngati simungathe nenani, tikaone kwina."

Anavula magalasi, n'kupukuta nkhope. "Chabwino bwana. Ndiyesa."

Kwa ine mawu amenewo anali a wogulitsa amene wayamba kufewa koma akufunabe kukankhidwa. Ndinadula foni.

"Kuya, mwadula?"

"Dikira. Aimba yekha, atipatsa chimodzi, ndipo aona ngati watinyenga."

Tinakhala tikuyang'ana foni ili pa tebulo. Tiyi anazizira. Mkazi wanga anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mukuyesa ndi tomato ameneyu?" Masana tinaimba ife. Sanayankhe.

Mawa lake anayankha mlembi wake, n'kutifotokozera zimene kapitani ankafuna kunena ine ndikumudula pakamwa. Chiphaso cha gadiyani mmodzi amasaina yekha kapitani, pa tebulo lapulasitiki lomwe lija, munthu n'kunyamuka. Anthu akaposa mmodzi, nkhani imakwera kuholo ya tauni: aliyense ayezedwe, dokotala wa tauni adinde, ameya asaine. Ndiye kapitani, poona kuti banja likulimbikira zitatu, anakwera njinga yamoto n'kukapereka pempho lathu tsiku lomwelo.

"Ndiye libwezeni! Tikufuna chimodzi basi."

"Pepani bwana, lalowa kale m'kaundula. Dzina la mayi silingakhale pa mapempho awiri."

Ndinayesa zonse zimene ndimadziwa. Ndinaseka, ndinadandaula, ndinatchula Mulungu. Mlembiyo ankangoti inde bwana, pepani bwana. Munthu wokana umatha kulimbana naye, koma wovomera zonse umamugwira pati?

Tsiku lachitatu abale atatu aja anayezedwa. Tsiku lachinayi holo inatsekedwa kuti apoperemo mankhwala, chifukwa wantchito wina anapezeka ndi matenda. Ameya nawonso anali atabindikira kunyumba kwawo. Tinamva kuti kapitani uja anakaima pageti pawo ndi ambulera, mapepala ali m'jumbo, akudikira kuti wina awalandire pamwamba pa mpanda.

Mnzathu ankapitabe kuntchito. Ankakwera basi, n'kukatembenuza makolo a anthu ena tsiku lonse. Namwino wina wa kuchipatala cha kwawo chija ankamuonetsa bambo ake pa foni. Sankatha kulankhula. Ankangoyang'ana kukhomo la wodi, wina akalowa maso n'kutseguka, kenaka n'kubwerera. Ine ndinkakonza zinthu zosawonongeka m'nyumba mwake, mababu, loko wa bafa, kuti ndisakhale pansi.

Bambo aja anamwalira m'mawa wa tsiku lachisanu.

Masana ake foni inalira. Anali kapitani, thukuta lili kamukamu, akuseka, akugwedeza mapepala pa kamera. Uthenga unali usanamufike.

"Bwana! Zonse zitatu! Chiyambireni mliri palibe banja lapatsidwa zitatu!"

Kapitani anationa nkhope, manja ake n'kutsika pang'onopang'ono. Kenaka anayamba kulira, akupepesa kwa ine, kuti anachedwa. Ndinafuna kumuuza kuti mayi, zitatuzo sindinkazifuna n'komwe, inali njira chabe.

Ziphasozo zinagwira ntchito. Mayi, mchimwene ndi azakhali anawoloka mlatho bwinobwino, asilikali n'kuwachitira ulemu, kukatenga thupi. Maliro tinaonera pa foni yotsamira botolo la mafuta ophikira.

Mnzathu sanandinenepo kanthu. Mpaka lero amanditchula kuti kuya, ndipo zimenezi zimandiwawa kuposa kutukwanidwa. Sanauzenso abale ake mmene zinayendera, ndiye kwawoko ndinatchuka. Patapita miyezi msuweni wake anaimba, ati pali chilolezo cha kagolosale chimene chakakamira kuholo, kodi mlamu wa ku Africa uja, amene anagwedeza ameya, sangaimbeko? Ndinati ndili kumigodi, netiweki ikuvuta. Ndinali pa sofa.

Ndinapempha zitatu, ndinapatsidwa zitatu, osatsitsa ngakhale chimodzi. Inu amene mukuwerenga, tandiuzani, pamenepa anapambana ndani?