Ntchentche pa Chitenje cha aNangondo

Ndikakumbukira aNangondo, chimayamba kundifika ndi fungo la utoto m'galaja yotentha ku Mirrabooka, dera la mumzinda wa Perth, fani ikukhosomola pakona, iwo ali chiweramire papepala, mphuno itatsala pang'ono kugunda burashi. Anali agogo a nyumba yoyandikana nafe, ndipo amayi anga akapita kushifiti kuchipatala ankandisiya kumeneko. Ukawayankha m'Chingerezi ankasanduka gonthi.

Ali mtsikana ku Blantyre, anzawo aamuna ankajambula njovu zogulitsa kwa azungu, iwo n'kumajambula mizere, timabokosi ndi mitundu yokhayokha. "Ankati sindidziwa kujambula," ankatero, "koma fakitale inkasindikiza zangazo pazitenje, dzina n'kulemba la bwana."

Ndiye amayi akutchalitchi atawapempha kuti awajambulire chitenje cha chikondwerero, iwo anapempha chimodzi chokha: dzina lawo lilembedwe m'mphepete mwa nsalu. Kanali koyamba m'moyo wawo.

Ine ndinali ndi zaka khumi, manja oyabwa. Agogo atapita kukathira tiyi, ndinajambula kantchentche pakona ya pepala limene ankajambulapo chitenjecho, ndikuti pakona ayang'anapo ndani. Sindinkadziwa kuti pepala la chitenje amalidula panayi n'kusinthanitsa zidutswazo kuti mizere idzalumikizane posindikiza, moti makona onse amakumana pakati. Maso a agogo anali atayamba kale nkhungu, moti kantchentcheko sanakaone. Pakatipo anazungulizapo bwalo lachikasu, kantchentche kanga n'kukhala m'kati ngati mfumu.

Nsalu itabwera, amayi akutchalitchi aja anaitambasula pabalaza. Ntchentche ponseponse, zili pamzere bwinobwino, pansi pake dzina la aNangondo.

"Agogo, izi si ntchentche izi?" anatero Mayi Tembo, wapampando. "Tikavale ntchentche pamaso pa Mulungu?"

Agogo anayandikitsa nsaluyo kumaso nthawi yaitali, kenako anandiyang'ana. Ine ndinali nditaluma tsaya kuti ndisaseke.

"Ku Perth kuno, ndi mmene zimatiteramu," anatero mosathamanga, "munavalapo chiyani chopanda ntchentche?"

Amayi aja anafa nako kuseka. Pachikondwerero ena anavala, ena anakana, Mayi Tembo anavala chotembenuza.

Tsiku limene nsalu inabwera lija, alendo atapita, agogo anandipatsa pepala. "Iwe, jambulanso chinyama chako chija." Ndinajambula. "Chotsa miyendo." Ndinafufuta. "Mapikonso. Chatsala n'chiyani?"

"Kadontho, agogo."

"Kameneko ndi kamene kankasowa m'bwalo muja. Ndinakafunafuna masabata atatu. Malo unalasa, koma unalongolola kwambiri."

Anamwalira chaka chatha. Kupepesa sindinapepese, ndipo musayembekezere, chifukwa nkhope ya Mayi Tembo tsiku lija ndikaikumbukira ndimasekabe ndekha m'basi. Kachidutswa ka nsalu ija ndinakamangirira pachikwama changa chakusukulu: ntchentche zanga zisanu, ndi dzina lawo lonse, losadulidwa. Aphunzitsi a zojambula amadandaula kuti ndimafufuta zambiri kuposa zimene ndimajambula. Ndimangowauza kuti ndikuchotsa miyendo.