Eskudo ya Atate Yapulumuka

Moni nonse.

Lero ndili kumunda wa nyemba, pakhomo pafika bambo wa pa mota, njinga yamoto, wotolera ndalama zakale. Mpongozi wanga Rozina wamugulitsa chitini chonse chomwe ndimasungiramo ndalama zakale. Akuti bamboyo wayang'ana imodziimodzi pagalasi, kenako wafunsa, "Nanga ya mthunzi ija ili kuti?"

Amanena eskudo, ndalama yachitsulo ija anandisiyira atate. M'ma 1950 mwini kantina, kasitolo ka ku Vila Coutinho, anaikana, ati ndi yabodza, chifukwa chizindikiro cha kumbuyo chimaonekeranso kumaso ngati mthunzi. Bamboyo akuti zidindo zinawombana poisula, n'chifukwa chake akuifunitsitsa.

Mtima pansi, ana inu. Ndinaisokerera kalekale mu lamba wanga wa m'chiuno. Ndaigwira, ilipo.

Koma tandiuzani, mlendoyu wadziwa bwanji? Ine ndinaonetsa anthu atatu okha, ndipo onsewo muli pagulu lathu la pafoni lino.