Matabwa a pagalimoto yanu, Atate

Atate, lero wopenta magalimoto wa pa boma wandilangiza kuti ndimatule mapepala ooneka ngati matabwa amene anamatidwa m'mbali mwa galimoto yanu yakale ija, poti asuluka ndi dzuwa. Ndakana, koma chifukwa chake sindinamuuze.

Ndikukumbukira tili ku Mlolo, amalume atabwera ndi oyilo wakuda kuti apakepo poopa chiswe. Munaseka, n'kunena kuti, "Alamu, chiswe chinayamba liti kudya pulasitiki?" Kenako munagwira dzanja langa n'kundiphunzitsa kupukuta ndi nsalu yonyowa, motsata mizere ya matabwawo, osapingasa. Chikuikireni m'manda, ndimapukutabe momwemo. Koma ndikafika pa chitseko cha mbali yanu, ndimamva dzanja lina likulemera pamwamba pa langa, ndipo sindilimba mtima kucheuka.