Wosambitsa Ba Chileshe Akhale Ndani?

Maganizo ochoka ku Lusaka anandibwerera nditakhala pa benchi kunja kwa kiliniki ina ya ku Chelstone, tsiku limene mwini wake anatiuza kuti akutseka. Kumeneko ndinkathandiza anamwino: kutsuka zilonda, kutembenuza odwala, kuwamwetsa mankhwala. Mnzanga wina anali atapita kale ku England kukasamalira okalamba, ndipo pa foni ankangoti, "Misozi, bwela chabe. Kuno nkhalamba ni zambili, manja ndiye kulibe." Kunyumba ku Kabwata kunali amayi anga, amene ndimawaitana kuti ba mami, ndi mwana wanga wamkazi amene anali atangoyamba sekondale. Nditawauza, ba mami sananditsutse. Anangofunsa ngati azunguwo alibe ana awoawo.

Ku England ndinakagwira ntchito m'nyumba yosungiramo okalamba, m'tauni yaing'ono ya mphepo yosatha. Ife osambitsa ndi kudyetsa tinali ochokera kosiyanasiyana: ku Philippines, ku India, ku Nigeria, ku Zimbabwe. A mu ofesi onse anali azungu a komweko. Palibe amene ankazinena, koma aliyense ankaziona. Ndikaweruka ndinkabwerera m'kachipinda kanga, n'kudya nditaimirira, foni nditaitsamiritsa pa ketulo kuti ndizionana ndi mwana wanga. Ankandiuza za sukulu mwachidule ngati akuyankha mlendo. Mauthenga a achibale ankayamba ndi moni wautali n'kuthera pa vuto lofuna ndalama. Ndinkatumiza. Sindinauzepo aliyense kuti tsiku lopuma linkatha osalankhula ndi munthu.

Panali bambo wina wokalamba, dzina lake Harold. Tsiku limene ndinalowa m'chipinda chake ndi thawulo, anakoka bulangete mpaka m'khosi n'kukuwa kuti munthu wakuda asamukhudze. Manijala anandisamutsira mbali ina ya nyumbayo, ati pofuna kunditeteza. Kumbali imeneyo kunalibe mashifiti a Loweruka ndi Lamlungu, amene ankalipira bwino. Harold anatsala pomwepo ndi omusamalira amene ankawafuna. Ine ndinakalirira m'chimbudzi.

Kenako kunabwera mabwana atsopano ndi maphunziro a kusasankhana pa ntchito. Anatikhazika mozungulira, natiphunzitsa kuti wantchito aliyense ayenera kulandiridwa, kumvedwa ndi kupatsidwa mwayi wofanana. Anaika lamulo loti wokalamba sangasankhe womusamalira poyang'ana khungu. Ine anandiika mu komiti, ndipo chithunzi changa anachipachika pakhomo lolowera, nditagwira dzanja la gogo wina amene sindinamusamalirepo. Ndikadutsa pamenepo sindinkadziwa ngati andilemekeza kapena andikongoletsera khoma. Koma lamulo lija ndinalikhulupirira ndi mtima wonse. Ndinabwerera kwa Harold. Sanandikondepo, anangozolowera, ndipo mpaka imfa yake ankanditchula dzina la munthu wina.

Ndinabwerera ku Zambia ba mami atagwa m'bafa n'kuthyoka chiuno. Lusaka ndinaipeza yadzaza misewu yapamwamba ndi mashopu atsopano, koma ku Kabwata magetsi ankathima monga kale. Ba mami atayamba kuyenda ndi ndodo, ndinapeza ntchito ku Woodlands kwa mayi wina, Ba Grace, amene ali ndi kakampani kotumiza osamalira okalamba m'makomo. Ataona satifiketi yanga ya maphunziro aja anasangalala kwambiri.

"Imwe ndimwe nenze kufuna," anatero. "Mutiikile standard ya kunja."

Anandipatsa udindo woyang'anira antchito. Pa msonkhano woyamba ndinawafotokozera za Harold, n'kuwalonjeza kuti pano palibe adzachotsedwe pa nyumba chifukwa cha mtundu wake. Anawomba m'manja.

Sipanapite nthawi, kunabwera mayi wa ku Kabulonga, Ba Mutale, kufuna munthu wosamalira amayi ake, Ba Chileshe, amene anali atayamba kuiwala zinthu. Ndinamuuza kuti ndimutumizira Luyando, mtsikana wa Chitonga wa kuchigawo cha Southern, wa manja ofewa ndi mtima woleza, amene ankaposa tonse pa ntchitoyi. Atamva dzinalo nkhope inasintha.

"Awe, tifuna wa Chibemba," anatero. "Aba ba ku Southern sitimamvelana nabo. Mukabaloweka mu nyumba bamayamba kuyenda monga ni yabo."

Ndinamuyankha mwaulemu kuti, "Ba madamu, ise sititumiza mutundu. Titumiza munthu oziba nchito." Anavomera monyinyirika, chifukwa ankafuna munthu mwamsanga. Tsiku limenelo ndinakwera minibasi ndikumva kuti zaka zanga za kunja sizinapite pachabe.

Kenako Luyando anayamba kundiimbira kuti gogo sakudya. Ndinapita kukaona. Nyumba yake inali yaikulu, ya mpanda wautali ndi mlonda pageti. Ba Chileshe anakhala pa mpando pafupi ndi zenera, atawonda mpaka mawondo kuonekera pa chitenje. Anali mphunzitsi wa Chingerezi moyo wawo wonse, koma Chingerezicho chinali chitawathawa, Chinyanja nacho chimodzimodzi. Chimene chinatsala ndi Chibemba cha ku Luapula chimene ankalankhula ali mwana, osati cha m'tauni chimene tonse timachiphathikiza. Luyando anawayandikizira supuni ya phala, akuwanyengerera ndi mawu ochepa amene ankadziwa. Gogo anatembenuza mutu. Analankhula kwa nthawi yaitali, mawu akunjenjemera, maso akuyendayenda pa ine ndi pa Luyando.

Ndinafunsa Ba Mutale kuti akunena chiyani.

"Bafunsa ati aba bantu ni bandani, nanga bamayo bayenda kuti," anayankha, kutanthauza amayi a gogoyo. Analowa m'khichini, ndipo ndinamumva akulira.

Ndinatuluka m'nyumbamo mutu utasokonekera. Mayi yemwe uja amene ananyoza Atonga mu ofesi mwanga ndi amene ankalirira amayi ake, ndipo chimene anapempha chinali chomwecho chimene gogoyo ankafunikira. Pa maphunziro aja sanatiuzepo zochita ngati tsankho ndi chosowa chenicheni zatulukira pakamwa pamodzi. Harold ankamva chilichonse chimene ndinkanena, anangodana ndi khungu langa. Ba Chileshe sankadziwa n'komwe kuti Luyando ndi Mtonga. Ankangodziwa kuti azunguliridwa ndi anthu amene sakuwamva.

Nditawafotokozera, Ba Grace sanafune zambiri. "Misozi, iyi si England. Aba bakachoka, bazauza Kabulonga yonse. Nanga gogo akafa na njala, standard izatithandiza chani?"

Ndinamuitana Luyando. Ndinamuuza kuti ku Kabulonga kupita Ba Kunda, mayi wachikulire wa ku Mansa, ku Luapula komweko, ndipo iyeyo timufunira nyumba ina ikapezeka. Anandiyang'ana osaphethira.

"Ba sister, si ndimwe munatiuza za uja mudala wa ku England? Munakamba ati munalila."

"Iyi ni nkhani ina, Luyando. Apa vuto ni chitundu," ndinatero, kutanthauza chilankhulo.

"Ba Mutale sibanakambe za chitundu. Munalipo."

Sananame. Ine sindinanamenso. Anatenga chikwama chake n'kutuluka mwakachetechete, ndipo m'masiku otsatira antchito ena ankandipatsa moni wouma.

Ba Kunda atafika, gogo anayamba kudya. Ankacheza za nsomba ndi za anthu amene anamwalira kalekale, mpaka kuseka. Ndinaganiza kuti nkhani yatha, ngakhale inathera pa msana wa Luyando. Koma m'mawa wina Ba Mutale anandiimbira, mawu ali otsika. Ati amayi ake akukana kusamba. Ba Kunda akabwera ndi beseni, gogo akumakuwa n'kugwira zovala, ati manja awo ndi olemera. Akumafunsa za "ulya umukashana", kutanthauza mtsikana uja.

"Mumutume chabe kuseni," anatero Ba Mutale. "Azibasambika, ayende."

Ndinamufunsa ngati akudziwa kuti mtsikanayo akadali Mtonga. Anadula foni.

Mmene zilili panopa ndi momwemo. Luyando amapita m'mawa kukasambitsa Ba Chileshe, osalankhulana kwenikweni, gogo atatseka maso ngati khanda. Akamaliza amatuluka pageti, Ba Kunda n'kutsala tsiku lonse kudyetsa ndi kucheza. Malipiro a Luyando anatsika, chifukwa maola ake ndi ochepa, koma anavomera poti ali ndi ana. Ba Mutale amamupatsa moni koma sanapepesepo. Ba Grace amauza makasitomala atsopano kuti kampani yathu imaphatikiza mitundu yonse pa munthu mmodzi, ndipo amaloza ine kuti ndinabweretsa nzeru imeneyi kuchokera kunja. Ndimamwetulira. Sindidziwa ngati tinakonza kapena tinangogawa chilonda kuti aliyense atengeko.

Lamlungu lina masana ndinkawadzoza ba mami mafuta m'miyendo pakhonde, ndikuwafotokozera zonsezi. Ndinkayembekezera kuti anyansidwa ndi Ba Mutale. Anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu.

"Uja mzimai alibe mkamwa mwabwino," anatero. "Koma na ine nikayamba kuibala, unifunile munthu wa ku Petauke."

Ba mami ndi Ansenga a ku Petauke, anabwera ku Lusaka ali mtsikana wongokwatiwa kumene. Ndinawaseka. "Mami, nanga ine nabwelela chani? Nizakusamalani neka."

"Iwe?" anatero. "Chinsenga unachiziba liti? Unabadwila muno mu Kabwata."

Ndinati ndimachimva. Pamenepo anasintha lilime, nayamba kulankhula mofulumira, mawu akuya amene sindinawamvepo pakamwa pawo chibadwire, nkhope yawo itawala ngati ya munthu wina. Ndinangogwirapo dzina langa ndi liwu loti manzi. Ndinanyamuka msangamsanga kukawatungira madzi. Nditabwera ndi kapu anaseka mpaka kutsokomola. Sanapemphe madzi akumwa. Ankandiuza za mtsinje umene ankasambako ali mwana.

Ndinaima pakhomo la nyumba imene ndinakuliramo, kapu ili m'manja, iwo akupitiriza nkhani yawo ya mtsinje osandidikira.