Bokosi Lojambulira Pansi pa Madzi ku Kanyama

Amuna anga anali wojambula zithunzi ku komboni ya Kanyama, zaka zija tinkaima pamzere wa sopo ndi mafuta ophikira a saladi osadziwa ngati zilipo n'komwe. Ankayenda pa njinga, kamera ili m'khosi, kujambula maukwati, makanda, ndi anyamata otsamira magalimoto a eni ake.

Tsiku lina alamu anga, akulu awo a amuna anga, anafika ndi chinthu cholemera m'thumba. Iwo ankaphikira mzungu wina wofufuza za nsomba ku Kariba. Pobwerera kwawo mzunguyo anagawa katundu. Wa m'dimba analandira wailesi, mlonda analandira jekete, ndipo alamu, amene anam'phikira zaka zonsezo, anapatsidwa bokosi loikamo kamera pojambula pansi pa madzi. Anaganiza mozama ndithu mzungu ameneyo, chifukwa ndicho chinthu chimene banja la mu komboni limasowa kwambiri.

"Ni chodula maningi ichi," anatero alamu. "Iwe uli na kamera, uzaona vochita nacho."

Linali bokosi lachitsulo, la galasi lochindikala kutsogolo, zogwirira ziwiri m'mbali ndi zotsekera zinayi kumbuyo. M'mphepete mwa chivindikiro munali kamzera momwe munkagona kalabala kakuda kozungulira ngati chibangili. Alamu anati moyo wonse wa bokosi uli pa kalabala kameneko. Kankafunika kuchotsedwa ndi zala, osati mpeni, kupukutidwa, n'kupakidwa pang'ono girisi wa m'kachubu kamene kanabwera ndi bokosilo. Kamchenga kamodzi kapena tsitsi limodzi likatsalirapo, madzi alowa.

Kamera ya amuna anga inali yaing'ono, inkagwedezeka m'katimo. Anadula patapata wanga n'kuitsamiritsa m'mbali. Kachitsulo kakunja kodinira sikankafika pa batani, choncho anakatalikitsa ndi sipoko ya njinga. Kenako anati bokosi liyesedwe kaye lopanda kamera. Anaikamo pepala la nyuzi, n'kulimiza m'dilamu langa la madzi akumwa, amene ndinawatunga nditaima pa mpopi kuyambira m'mawa. Linayandama ngati chigubu. Analipsinja ndi njerwa ziwiri zamatope. Pepala linatuluka louma, amuna anga anasangalala, ine ndinabwerera ku mpopi.

Kuyambira pamenepo Lamlungu lililonse masana bokosi linkasamalidwa. Ankayala nsalu yoyera patebulo, kusamba m'manja ndi sopo wosowa uja, n'kumasisita kalabala mwaulemu umene ine sindinauonepo chikwatiwire. Tikadutsa pafupi ankati, "Osayenda apa, mubweretsa fumbi." Ku Kanyama, m'mwezi wa Okutobala, fumbi linkadikira ine kuti ndilibweretse. Girisi wa mzungu atatha anayamba kutapa mafuta anga odzola. Kalabala kanayamba kufufuma ndi kuvuta kulowa m'kamzera kake, koma iwo anati ndiye kuti kakukhuta bwino.

Zaka ziwiri zinatha bokosi lisanaone madzi ena kupatula a m'dilamu.

Ndiye kunabwera abusa a mpingo wina umene unkabatiza anthu pa chidzenje chamadzi chimene anasiya ophwanya miyala, kumapeto kwa komboni. Anali atamva za bokosilo. Loweruka limenelo ankabatiza mayi wina wodziwika, wogulitsa tinsomba ta kapenta pa msika, ndipo ankafuna chithunzi chimene mpingo wina uliwonse unalibe: munthu ali pansi pa madzi, machimo akuchoka.

"Vizaoneka, ba fotografa?" anafunsa abusa.

"Vizaoneka vonse," anayankha amuna anga, amene sankadziwa kusambira, ndipo posamba ankatsinzina.

Ndinapita nawo, chifukwa njerwa zinakanidwa kuti n'zosalemekezeka, ndipo pansi pa bokosi anamangirira simbi yanga yositira. Ndinkafuna kuona kumene ikupita.

Madzi a pa chidzenjecho anali obiriwira ngati ndiwo za chibwabwa, masamba a maungu aja. Amuna anga analowa atavala kabudula, madzi n'kuwalekeza m'chiuno. Kwaya inayamba nyimbo. Abusa anagwira mayi uja pamphumi ndi kumsana, n'kumumiza. Amuna anga anamiza bokosi, nkhope ili m'mwamba ngati munthu wofufuza ndalama m'thumba, n'kudina.

"Sinamve kulira," anatero. "Bwezanimoni."

Abusa anamumizanso.

"Anagwedezeka. Bauzeni bankhale zii."

Ulendo wachitatu sipoko inaphonya batani. Wachinayi anati dzuwa linalowa mu mtambo. Kwaya inamaliza nyimbo n'kuyambanso yomweyo. Atavuuka kachisanu ndi chimodzi, mayi uja analavula madzi, n'kuchotsa dzanja la abusa pamphumi pake.

"Abusa, machimo yanga siyafika apa," anatero. "Yosala nizapita nayo kunyumba."

Anatuluka m'madzi osacheuka, azimayi n'kumufunditsa chitenje.

Tili m'njira ndinkamva bokosi likulira khuchukhuchu. Kunyumba amuna anga analipukuta kunja mosamala, monga anaphunzitsidwira, n'kumasula zotsekera zinayi zija. Munatuluka madzi odzaza kapu, ndi kambululu kamodzi kamene mpaka lero sindidziwa kanalowa bwanji. Kalabala kanali katatumphuka pakona, katapanidwa ndi chivindikiro. Iwo sanayang'ane pamenepo. Anafufuzafufuza mpaka anapeza katsitsi, n'kukakweza m'mwamba.

"Mwaona, amake mwana? Sisi yanu iyi."

Ndinavula duku. Mutu wanga unali mpala, chifukwa panali patangopita milungu iwiri chimetereni pa maliro a bambo anga ku Katete. Kenako ndinayang'ana ndevu zawo. Anakaika katsitsiko patebulo mwakachetechete n'kufunsa ngati tiyi alipo.

Filimu anathamanga nayo ku tauni ikadali yonyowa. Zithunzi zinayi zinatuluka zobiriwira basi. Chachisanu chinaonetsa phazi la abusa, lokhala ndi chikhadabo chothyoka, ndipo pakona panali chibanga choyera pamene madzi anadya filimu. Amuna anga anachita manyazi kukachipereka, koma abusa anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kuloza chibangacho.

"Uku ni kuwala," anatero. Anachiika m'felemu n'kuchipachika kuseri kwa guwa, ndipo anthu ankabwera kuchokera ku Chawama kudzachiona.

Kamera inakhala kwa wokonza mawotchi miyezi itatu. Nthawi yonseyo tinkadya za vitumbuwa vimene ndinkakazinga pamsewu, pamene amuna anga ankafotokozera aliyense wodutsa kuti mu komboni monse ndi iwo okha amene anajambulapo pansi pa madzi. Sankanama.

Mayi wa kapenta uja ndinakumana naye pa msika mvula itayamba. Ndinafuna kuzemba, koma anandiitana n'kundiwonjezera kapenta wodzaza dzanja. Anati chifuwa chinamugwira mlungu wathunthu, ndipo atachira analowa mpingo wina wa ku Matero, kumene amangodontheza madzi pamutu munthu ali chiimire, nsapato zili kuphazi.