Dzanja la m'Thaulo

Tsiku lomwe a Piyatissa anatuluka m'chipatala, palibe anabwera kudzawatenga. Anakwera basi okha, dzanja lamanja litakulungidwa mpaka m'chigongono. Makina opala makoko a kokonati anali atadya zala zitatu, n'kusiya chala chachikulu ndi chaching'ono basi.

Ndikulembera inu amene mukuona ngati anthu anakuiwalani. Sindine wodziwa kulankhula, ngakhale m'kalasi sindinkakweza mkono, ndiye mundipirire.

Kwathu kuno ku Sri Lanka, tikakolola mpunga, munda umodzi umasanduka bwalo la kiriketi ya mpira wofewa. Matimu a midzi isanu ndi itatu amapikisana mpaka Chaka Chatsopano cha mu Epulo. A Piyatissa anali mmodzi mwa anyamata amene anayambitsa ligiyo, ndipo pa kuponya mpira panalibe wowaposa. Dzanja loponyeralo ndi lomwe linapita.

Sabata yoyamba anzawo anabwera ndi nthochi ndi mabisiketi. Sabata yachiwiri anabwera awiri. Kenako masewero anayamba, ndipo iwo ankangomva phokoso la kubwalo ali pakhonde. Chaka chisanathe, akazi awo anapita ku Kuwait kukagwira ntchito ya m'nyumba. Makalata anabwera atatu, kenako zii. Anatsala ndi kamwana kakakazi ka zaka ziwiri.

Kamwanako ndine, Sewwandi.

Ndinakula osaliona bwinobwino dzanja la bambo anga. Linkakhala m'kathaulo kobiriwira, kusitolo, kukachisi, ngakhale pa chakudya. Ana a kusukulu akawaona ankakweza zala ziwiri n'kumakuwa, "Nkhanu! Nkhanu yabwera!"

Apa ndiulule chinthu chimene sindinauzepo munthu. Ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi ndinawaitana monga timaitanira bambo kwathu, n'kuwauza kuti, "Thaththa, musamabwere kudzanditenga. Njira ndikuidziwa."

"Chabwino, mwanawe," anatero. Sanafunse chifukwa, ndipo sanabwerenso.

Koma panali malo amodzi amene sanasiye kupitako. Chaka chotsatira ngoziyo anamva anthu akudandaula kuti pitchi, kamalo kosalala ka pakati pa bwalo, inali yoipa, mpira sunkanjanja. M'mawa mwake anadzuka mbandakucha, natenga ndowa ndi khasu. Anakumba dothi la pachulu, kulisefa, kuliwaza madzi, n'kumalisinja ndi chipika cha kokonati. Zonsezo ndi dzanja lamanzere. Masiku oyamba chipikacho chinkawapulumuka n'kuwagwera paphazi. Anabwereranso mawa lake, ndi mkuja wake.

Ikamakwana seveni koloko amakhala atachokapo, ali kudimba kwawo. Owaona m'mamawa ankangoti akudutsa. Eni munda ankaganiza kuti pitchi amakonza ndi a komiti ya ligi. A komiti ankaganiza kuti ndi antchito a eni munda. Chaka chilichonse ankathokozana pa chimkuzamawu, anthu n'kumawomba m'manja.

Zinayenda choncho zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Ine ndinkadziwa, chifukwa ndinkamva chitseko chikulira ndikadali pabedi.

Chaka chino ligi yakwanitsa zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo komiti inakonza zolemekeza osewera akale ndi onse amene akhala akuthandiza mongodzipereka. Mayina anawamata pasitolo. Panali akamuna a zimimba amene kale ankamenya mpira mpaka m'mitengo ya kokonati. Panali olengeza masewero, panali mayi Leelawathie amene amaphikira matimu tiyi. Ndinawerenga kawiri. Dzina la bambo panalibe.

Wapampando anali pomwepo akumwa tiyi. Ndinagula sopo n'kubwerera kunyumba osatsegula pakamwa.

Nditawauza bambo anangoti, "Mpira ukanjanja bwino, dzina langa ndi lomwelo." Koma mpunga wawo sanaumalize.

Kutatsala masiku atatu kuti mwambowo uchitike, kunagwa mvula yosayembekezeka. M'mawa mwake ndinamva chitseko chija, ndipo sindidziwa chinandigwira n'chiyani. Mayeso ndinali nditamaliza, ndinalibe kopita. Ndinathira tiyi m'fulasiki n'kuwatsatira, koyamba m'moyo wanga.

Pitchi inali matope okhaokha. Tisanachite kanthu, tinamva thirakitala. Anali a Jayalath, wapampando uja, amene kale ankawakha mipira ya bambo kumbuyo kwa timitengo titatu timene woponya mpira amalunjika. Anali ndi anyamata a timu ya m'mudzi ndi ngolo yodzaza mchenga wa kumtsinje.

"Mchenga ayi," anatero bambo, chapansipansi.

Kapitawo wa timu, Dinuka, anaseka. "Amalume, therere lanu likukudikirani kudimba. Izi tisiyireni eni mpira."

Bambo anatola ndowa yawo, nayamba kuchoka. Ndinayang'ana msana wawo, ndipo unali womwe uja ndinauona pageti la sukulu tsiku limene ndinawabweza.

"Pitchi imeneyi amakonza ndi bambo anga!" Mawu anga anatuluka onjenjemera, koma anatuluka. "Chaka chilichonse. Okha."

A Jayalath anandiyang'ana, kenako anayang'ana chipika chimene chinali m'mbali mwa munda, chogwirira chake chitasalala mbali imodzi yokha.

"Piya, n'zoona zimenezi? Si antchito a eni munda?"

"Antchito akewo unawaonapo, aise?"

A Jayalath anakhala pansi pamatope pomwepo, ndi thalauza lawo loyera.

"Ndiye ine zaka zonsezi ndakhala ndikuthokoza mphepo?" Anapukuta kumaso. "Tiuze chochita."

Bambo anati mchenga ukauma umamwazika, mpira umafera pomwepo. Anatuma anyamata kuchigayo kukatenga mankhusu a mpunga, anawamwaza papitchi n'kuwayatsa kuti aumitse dothi. Kenako dothi la pachulu, kenako chipika. Dinuka anasinja kakhumi n'kuyamba kuwefuka.

"Manja awiri onsewo, mwatopa kale?" anatero bambo. Ndinali ndisanawamvepo akuseka munthu.

Tsiku la mwambo bambo anavala malaya oyera, ndi kathaulo kaja. Anakhala kumbuyo kwenikweni. Nyale yamkuwa yotsegulira mwambo itayatsidwa, mayina anayamba kuitanidwa, ndipo aliyense wolemekezedwa ankalandira mpukutu wa masamba a bulati, amene kwathu timapereka posonyeza ulemu, kwa wosewera wachinyamata atagwada. Dzina lomaliza, lolembedwa ndi cholembera pansi pa pepala, linali lawo.

Wogwada anali Dinuka. Anakweza masambawo ndi manja awiri. Ndipo kwathu ngakhale mwana amadziwa kuti bulati salandira ndi dzanja limodzi. Kutero n'kukana ulemu ndi kupepesa komwe.

Bambo anatambasula lamanzere, kenako anaima. Lamanja linali kumbuyo, m'thaulo. Ndinaona mapazi awo akutembenukira kunjira ya kudimba.

Mawu anachokera kumene kunali ketulo. "Iwe Piyatissa, mawondo a mwana wa eni ake atha! Tulutsa dzanjalo. Ukuganiza kuti sitilidziwa? Kapena ukubisamo golide?" Anali mayi Leelawathie.

Anthu anaseka, koma sikunali kuseka kwa kusukulu kuja. Bambo anayamba kumasula thaulo pang'onopang'ono. Atamaliza anasowa poliika, anayang'ana uku ndi uku. Ndinaimirira pamaso pa midzi isanu ndi itatu n'kukalitenga.

Analandira masambawo ndi manja awiri, zala zisanu ndi ziwiri, dzuwa likuwala. Pobwerera kumpando ndinawagwira dzanja lomwelo. Linali lofewa kuposa linzake, ndi lotentha.

Sindikunamizani kuti zonse zasintha. Amayi sanabwere. Madzulo timadyabe awiri, mawu ochepa. Bambo amadzukabe mbandakucha, ndipo masiku ambiri kubwalo amakhala okha, chifukwa anyamata analonjeza zambiri kuposa zimene tulo lawo limalola. Koma kathaulo kaja tsopano timagwirira mapoto otentha.

Inu amene mukugwira ntchito imene ena akuthokozedwa nayo, inu amene muli ndi chinthu chimene mumabisa kumbuyo anthu akamabwera, bambo anga anasinja dothi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi popanda wowaitana dzina, ndipo mpira unkanjanjabe. Dzukani mawa, mubwererenso. Ndipo inu amene muli ngati ine, odziwa zoona koma amantha, musadikire mvula kuti mulankhule.

Tsiku lanu likadzafika, mudzalandire ndi manja onse awiri, mmene alilimo. Osataya mtima.