Buku la Agogo Chirambo Lopanda Tsamba Lomaliza

Fungo la fodya wouma likandipeza, ngakhale ndili m'basi, mtima umabwerera ku Hewe, pakhonde la agogo Chirambo, pamene utsi wa zinyalala unkasakanikirana ndi fungo la mapepala akale, nkhunda zikulira padenga, amayi a m'mudzimo akusoka fodya m'chigafa uku akucheza m'Chitumbuka chimene ine sindinkamva.

Bambo anga anali mlangizi wa zaulimi. Boma litawasamutsa kuchoka ku Dedza kupita ku Hewe, tinakakhala moyandikana ndi mkuluyu, mphunzitsi wopuma pantchito. Ndinali ndisanayambe sukulu. Tsiku loyamba kutuluka panja, mtsikana wina dzina lake Tiwonge anandininkha chinangwa chootcha n'kunena mawu achilendo. Mwamantha ndinangotsomphola ndi dzanja limodzi n'kuthawa. Ana onse anaseka, ndipo kuyambira pamenepo ndinatseka pakamwa. Ndinkangokhala kuseri kwa nkhokwe, mpaka amayi anayamba kukamba zondibweza ku Dedza kwa azakhali.

Masana aliwonse agogo ankatulutsa katoni ya mabuku a zithunzi amene anawapeza kumishoni, ana n'kuwaunjirira pamphasa. Chinkandidabwitsa n'chakuti sankawerenga. Ankaphimba mawu ndi chikhatho chawo chamitsempha, n'kumangofunsa mafunso. Ndinayamba kusuzumira, tsiku lililonse ndikusendera pafupi, kufuna kudziwa chimene chinkabisala pansi pa dzanjalo.

"Mwana wa alangizi, bwera," anatero tsiku lina m'Chichewa chawo chokoka ngati akuimba. "Maso ako atithandize."

Pachithunzipo panali kamnyamata kovala chipewa chaubweya, kakulandira chipatso kwa nkhalamba, kali chiimire, kakuiyang'ana m'maso. Agogo anafunsa m'zilankhulo zonse ziwiri ngati kanachita bwino. Ana anakuwa kuti n'kamwano: sikanagwade, ndiponso kalandira ndi dzanja limodzi.

"Nanga bwanji nkhalambayo ikumwetulira?" anafunsa agogo.

Tinayang'anitsitsa. Zoonadi, inkamwetulira.

"Kwawo ulemu amausonyeza choncho," anatero. "Kakanabwera kuno, mukanakaseka kapena mukanakaphunzitsa?"

Sanayang'ane munthu, koma Tiwonge anazyolika.

Agogo anatembenuza tsamba. Kamnyamata kaja kanafika pabwalo pamene ana ena ankasewera mpira, n'kuima patali, manja ali m'thumba. Atatembenuzanso, panalibe china. Tsamba lomaliza linathothoka kalekale.

"Ndiye zinatha bwanji, agogo?"

Mawuwo anatuluka okha m'kamwa mwanga, ndipo ana onse anacheukira kwa ine.

"Inenso sindidziwa, mama," anayankha. "Ndakalamba ndikudzifunsa. Iwe ukuganiza kuti kanatani?"

Ndinati mwina kankafuna kusewera nawo, koma sikankadziwa mawu oyambira. Agogo anamasulira m'Chitumbuka. Tiwonge anadzuka n'kubwera pamene ndinakhala. Anagwira manja anga onse awiri, n'kuwaphatikiza ngati kambale, n'kuthiramo mtedza umene anali nawo m'thumba.

"Yewo," anatero pang'onopang'ono, akuloza pakamwa panga. "Yewo chomene."

Ndinazindikira kuti ndiko kuthokoza kwawo. Ndinabwereza, lilime likupunthwa. Ana anasekanso, koma ulendo uno Tiwonge anandikoka dzanja kupita nane kukasewera phada. Tsiku limenelo amayi anachita kundifunafuna m'mudzi monse, ndipo nkhani ya ku Dedza sinamvekenso.

Agogo Chirambo anamwalira ndili kusekondale, ndipo mabuku aja sindidziwa kumene anathera. Lero ndine namwino, ndipo ntchito yandifikitsa m'maboma amene chilankhulo chake sindichidziwa. Mwana akabwera kuchipatala n'kukana kuyankha moni, mayi ake n'kuyamba kumukalipira kuti alibe mwambo, ndimawapempha kuti adikire kaye. Ndimakhala pansi pafupi naye n'kumupempha kuti andiphunzitse moni wa kwawo. Ambiri amayamba ndi kunong'ona. Ndikabwereza molakwika, amakweza mawu kuti andikonze.